Chipani cha Matchova

Lolemba

Ababa akuti abwerera ku Tsangano. Patrau wina, bwana amene walemera ndi malasha, wabweretsa matchopela, njinga zamoto za matayala atatu zonyamula katundu, ndipo akufuna mthunzi wa msawu wa pakhomo pa msika. Pamenepo m'pomwe ababa ndi anzawo amaimika matchova, ngolo zawo zokankha.

"Akandichotsa pamthunzi paja, ndikalima mbatatesi kumudzi."

Apite. Tchova limenelo analigula atagulitsa makina osokera a malemu amayi osandifunsa. Sindinaiwale.

Ku pensau, nyumba ya alendo kumene ndimagwira ntchito, ndikuponya mbale. Mlendo wathu wa ku Japani, gogo wina woyeza miyala, akufunsa chavuta. Ndikumuuza. M'Chipwitikizi chake chotsimphina akuti kwawo ku Tokyo, m'zaka za m'ma 1880, kunali amuna okoka anthu pangolo. Kutabwera sitima zokokedwa ndi akavalo, amunawo anayambitsa chipani chawochawo.

Chipani! Cha okoka ngolo! Ndikuvula epuloni.

Lachiwiri

Chipani chabadwa. Sikuti ndikuchitira ababa, ndikungodana ndi chipongwe.

Prezidenti: ine.
Sekretariyo: Zakariya, poti ali ndi cholembera.
Mamembala: Titiyo Armando, Momade, anyamata awiri a ku Angonia, ndi ababa.

Ababa akuti, "Ineyo mundilembe kumapeto, amayi."

Amanditchula amayi akafuna kundifewetsa. Ndawalemba kumapetodi.

Lachitatu

Msonkhano woyamba, pansi pa msawu. Ndakwera pakireti. Ndangoti, "Anzanga, mthunzi uwu ndi wathu!" mayi wina patsidya pa msewu akuimba likhweru, ali ndi matumba a kabichi.

Chipani chonse chikuthamanga! Titiyo Armando akugunda tchova la Momade kuti lilowe m'ngalande. Sekretariyo wandiponda chala.

Atsala ababa okha, akhala pansi, chipewa pabondo.

"Pitirizani, tikumva."

Ndawalankhulira zonse, mpaka ndime ya akavalo. Aomba m'manja. Ati tayala lawo laphwa, n'chifukwa chake sanathamange. Ndalikanikiza ndi chala iwo atatembenuka. Ndi lolimba gwa.

Lachinayi

Ndasamutsira msonkhano masana, nthawi imene dzuwa la ku Tete limathamangitsa ngakhale ntchentche, ndipo palibe woimba likhweru. Nzeru!

Onse agona pansi pa matchova awo. Momade wakweza dzanja kuvomereza sitiraka ya mawa, koma ndikukayika ngati anali maso.

Madzulo ndikufunsa gogo wa ku Japani funso limene ndinaiwala Lolemba: chipani chija chinatha bwanji?

Akupukuta magalasi nthawi yaitali. Akuti atsogoleri anamangidwa chipani chisanakhwime n'komwe, chinangozima, sitima za akavalo zinapitiriza kuyenda.

Osanena kale bwanji, agogo inu!

Akuti sindinamupatse mpata. Akuwonjeza kuti ngolozo sizinathe pomwepo, zinakokedwabe zaka zambiri. Wandipatsa bisiketi ngati mwana wagwa.

Lachisanu

Sitiraka. Lero palibe wokankha, msika uone.

Momade: ali ku mzikiti. Ndamuwerengera ngati wanyanyala.
Anyamata a ku Angonia: akukankha mobisa kuseri kwa msika, poti matchova achepa ndipo akasitomala akuwachonderera.
Titiyo Armando: akuti wangothandiza mlamu wake. Alamu ake lero ndi msika wonse.
Zakariya: wadutsa akuyendetsa tchopela la patrau! Hutala juu, dzanja m'mwamba: "Bondiya, Prezidenti!"

Ndidzamukumbukira pa ukwati wake.

Ababa anyanyala tsiku lonse. Kasitomala wawo wakalekale wa tomato wawaitana kawiri, iwo maso pansi. Tadya ndiwo za dzulo.

Loweruka

Pansi pa msawu pali matchopela okhaokha, andanda ngati ng'ombe zonenepa. Matchova ali padzuwa.

Ndikupita ndekha kwa patrau. Ndamuuza za mthunzi, za mimba yake, za nsapato zake zosongoka. Anthu adzaza. Iye akuseka: "Mwana wa ndani uyu?"

Kumbuyo kwanga ndikumva, "Wanga." Ababa, amene amavulira chipewa ngakhale mlonda wa banki, aima chipewa chili kumutu.

Mthunzi sunabwerere. Ababa akumanga katundu. Ine ndikusita malaya awo mwaukali.

Lamulungu

Chipani chatha. Palibe ngakhale wotimanga.

Tikupita kokwerera magalimoto a ku Angonia. Pa tchova pali matiresi, mapoto, ndi thumba la nsomba zouma.

"Kwerani, amayi."

Ine? Mtsikana wofika ku sekondale, pamwamba pa matiresi? Ndakana. Ndakwera. Ana a m'dera la Josina Machel akutikuwiza, ababa akuliza hutala ndi pakamwa.

Pachitunda ndikumva akupuma movutikira. Ndatsika, ndagwira chogwirira chinacho. Sanandiyang'ane, angosuntha pang'ono kundipatsa malo.

Tchova alimanga pamwamba pa kamiyau, matayala m'mwamba. Ababa ati ndizidya m'mawa ndisanapite kuntchito. Ndati asandiphunzitse. Galimoto yanyamuka ndikuyankhulabe.

Ndabwerera wapansi. M'manja mwatuluka matuza, chitunda chimodzi chokha. Sanandiuzepo kuti tchova limalemera chonchi.