Tambala wa Apongozi Anga ku Mvuma

Tsiku limene ndinakaonekera koyamba kwa apongozi anga ku Mvuma ndinapita ndi thalauza lathunthu, ndinabwerako ndi logwiriza mapini. Ndiulula ndekha lero, poti mkazi wanga Rudo wayamba kuifotokoza nkhaniyi kwa alendo mothira mchere wambiri.

Ine ndinabadwira ku Redcliff, m'banja la Chisilamu. Malemu bambo anga, kupatula ntchito ya kufakitale ya zitsulo, anali wozinga nkhuku wa mzere wonse wa nyumba zathu. Aliyense wofuna kuti Asilamu adye nawo paukwati kapena pamaliro ankabwera ndi nkhuku yake pakhomo pathu. Anthu ankangoti luso limeneli ndinayamwira. Chikhalirecho ndinafika zaka makumi atatu ndi zinayi ndisanazingepo ngakhale nkhunda. Vuto silinali magazi ayi, linali diso. Nkhuku ikandiyang'ana cham'mbali muja, sindinkatha kuigwira. Mpeni ukangotuluka ndinkapeza pothawira: foni, mutu, chimbudzi. (Pakudya pokha sindinathawepo.)

Kwa a Rudo ndi Akhristu, makolo awo anachokera ku Dedza kalekale n'kudzakhazikika kuno kunja, choncho Chichewa chawo amachisakaniza ndi chilankhulo cha kuno. M'basi Rudo anandichenjeza kuti bambo ake, amene amayang'anira pampu pa kamgodi kena, ankakayikira zopereka mwana wawo kwa munthu wokonza mafoni. Ankati amuna a m'tauni manja awo ndi a sopo. Ndinayankha modzikuza kuti aona okha.

Tinalandiridwa bwino. Nditangomaliza kuwomba m'manja, azakhali ake a Rudo anatulukira atapanira tambala wofiira m'khwapa.

"Mukwasha," anatero, kutanthauza mkamwini, "tamva kuti inu simudya nyama yozinga wina aliyense. Banga iri, huku iyi: mpeni uwu, nkhuku iyi. Zingani mwa chikwanu kuti tidyere limodzi."

Unali ulemu waukulu, ndipo ndinalandira mpeni ndi tambala.

Choyamba ndinati mpeni ndi wobuntha. Anandipatsa mwala. Ndinanola, ndinanolanso, mpaka apongozi aamuna anati, "Mukaupitiriza umenewo usanduka singano, mukwasha."

Kenako ndinati ndiyenera kudziwa kumene kuli Chibula, mbali imene timayang'ana popemphera. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuzungulira pabwalo ngati ndikusaka netiweki. (Mbaliyo ndinali nditaidziwa kale potsika basi.) Banja lonse linaimirira mozungulira, amuna atavula zipewa, poganiza kuti mwambo wayamba.

Ndinaponda mapiko, ndinaponda miyendo, monga ankachitira bambo. Mawu ozingira nkhuku ndi ochepa, otha ndi mpweya umodzi. Ine ndinawanena, kenako ndinawonjezera sura imodzi ya m'buku lathu loyera, kenako ina, mpaka zonse zimene ndinaphunzira kumadrasa zinandithera. Azakhali ananong'oneza Rudo, ine ndikumva, "Chipembedzo chawo chimalemekeza nkhuku zedi."

Pamenepo tambala anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Ndinatsinzina. Phazi linadzuka lokha, sindinalitume. Potsegula maso ndinangoona fumbi.

Ndinamuthamangitsa, mpeni m'manja, jekete likuuluka. Anadutsa m'munda wa masamba, ine pambuyo ndikuponda repu wa apongozi aakazi. Analowa pansi pa waya waminga, ine ndinalumpha pamwamba, thalauza linatsalira pakati n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Kubwalo kunamveka kuseka, ndipo kuseka kwa Rudo ndinakuzindikira pakati pa onsewo. Apo ndiye ndinapsa mtima. Manyazi anakula mpaka mantha anasowa pokhala.

Kuseri kwa khola ndinaona nthenga zofiira zitabisala pansi pa lata. Ndinadumphira, ndinagwira. Ndinamva kuti walemerako, koma ndinati ndi kutopa kwanga. Sindinamupatse mpata wondiyang'ana. Ndinalunjika Chibula, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kukoka mpeni kamodzi. Basi. Chinthu chimene ndinachithawa moyo wanga wonse chinatha msanga kuposa kutsegula botolo. Kunena zoona ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo ndinalakalaka malemu bambo anga akanaona.

Ndinabwerera pabwalo dzanja limodzi litanyamula nyama m'mwamba, lina litagwira thalauza. Palibe amene anawomba m'manja. Onse ankayang'ana pa mulu wa nkhuni, pamene tambala wanga uja anaima wamoyo, akudzikonza nthenga.

"Maiwe," anatero azakhali chapansipansi. "Ameneyo ndi wa achimwene."

Amene ndinazingayo anali tambala wamkulu wa apongozi aamuna, wosakhudzidwa ndi munthu. Alamu ya foni sankaikhulupirira chifukwa magetsi amathima, choncho kwa zaka zinayi ankadzutsidwa ndi tambala ameneyu kuti akayatse pampu kumgodi. Wamng'ono uja anali asanadziwe n'kulira komwe.

Tambalayo anaphikidwa, tinayamba kudya. Ine ndinakhala cham'mbali pampando chifukwa cha mapini, ndikuganiza kuti ukwati wathera m'mbale. Apongozi anatafuna mwendo wonse mosafulumira, anasamba m'manja, n'kundiyang'ana.

"Mwazinga bwino, mukwasha. Koma ndimve, inu Asilamu mumadzuka nthawi yanji kupemphera?"

"M'bandakucha, bambo."

"Zvakanaka, zili bwino. Kuyambira mawa muzindidzutsa ndinu."

Rudo ndinamukwatira. Nkhuku ndimazinga tsopano popanda kutsinzina, ndipo ndinaphunzira kuti mantha ukawathamangitsa uli wokwiya umagwira zolakwika. Papita zaka zitatu, ndipo tsiku lililonse ndikamaliza swala, pemphero la m'bandakucha, ndimaimba foni ku Mvuma. Ndawagulirapo atambala awiri kuti andipumitse. Onse awiri, apongozi anandipatsa mpeni kuti ndiwazinge, ati mawu anga anawazolowera.