Ovataimu ya Alamu Anga aku America

Mpaka lero ndikamva mawu oti ovataimu, ndimangosintha nkhani. Anandiputira zonsezi ndi alamu anga aku America, aja amalankhula ngati ndege anapanga ndi iwo.

Tsiku lina anatumiza uthenga pagulu lathu lapachibale: "Kuno ndalama ya ovataimu tikuichotsa powerengera msonkho." Ine, munthu wa madigiri awiri (musaseke), ndinangoti zaku America zimafika msanga ku Nairobi kuno, nanga lamulo lingachedwe bwanji?

Apo n'kuti akazi anga atangofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Chiswahili sankadziwa ngakhale moni, ndipo Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndinkayenda nawo, kumsika, kukwera maminibasi akuno otchedwa matatu, kuona tauni. Loweruka lomwelo ndinawalanda n'kulipereka ku ovataimu.

"Bambo a Tadala, munandiitanira kudzalondera nyumba?"

"Pirirani, mayi. Ndalama imeneyi boma siliikhudza."

Ndiye ndinayamba kulawirira kuchoka kunyumba ku Utawala kupita kuntchito Loweruka lililonse, kumapempha ndi ntchito za anzanga zomwe. Malipiro atabwera, msonkho unali utakwera. Ndinati akuofesi alakwitsa. Mwezi wotsatira, chimodzimodzi. M'malo mokafunsa mwakachetechete, ndinadikira msonkhano wa ogwira ntchito onse, n'kuimirira (jekete nditamanga mabatani) kulengeza kuti akutibera.

Mayi woona za malipiro, Mkenya, anandiyang'ana ngati ndavala nsapato mosemphanitsa.

"Lamulo limeneli mwalitenga kuti?"

"Ku America."

"Bwana, hapa ni Kenya," anatero, kundikumbutsa dziko limene ndinali. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Ndinakhala pansi manyazi atandigwira mpaka m'makutu.

Nditawaimbira alamu aja, anangoti, "Aaa, alamu, kunonso si ndalama yonse ayi, ndi kapamwamba kokha kamene amawonjezera pa malipiro a ola." Kupepesa ayi ndithu. Munthu wachabechabe!

Loweruka lotsatira ndinadzuka ndi mtima wolapa. "Mayi, lero tiyeni tikayende."

Ndinawapeza atatchena kale, foni ili kukhutu, akunenerera mtengo ndi wa bodaboda, kabaza wakuno, m'Chiswahili chothamanga choti ine sindinatolepo kanthu. Amayi akutchalitchi anali atawatenga kalekale, misika yonse akuidziwa kuposa ine.

"Kodi lero kulibe ovataimu?" anafunsa akutenga chikwama. "Ndiwo zili mufiriji."

Zinandiwawa, ndisaname. Masiku ano ndikafuna kuyenda ndi akazi anga Loweruka ndimachita kupempha, ndipo kawirikawiri amati tione sabata yamawa.