Mmene Ndinaberekera Mwana wa Abusa

Anzanga, musathamangire kundiweruza, yambani mwamva kaye. Ine cholinga changa chinali chabwino, kungofuna kuthandiza munthu.

Kumpingo kwathu, kufupi ndi Bangula, kunabwera abusa achizungu ndi akazi awo ndi kamwana kawo Timoti, kofanana msinkhu ndi Zuze wanga, onse asanayambe kukwawa. Anthu aja ndimawavulira duku. Kutentha kwa kwathu kuno inu mukukudziwa, mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasaa, koma abusa tsiku ndi tsiku panjinga kukaona odwala, nkhope ili psuu. Amayi busa nawo ankakhala nafe pamphasa, kutsuka zilonda za ana athu osachita tsinya, ndipo chaka cha njala anadya nafe nyika, zija timazula m'dambo, n'kunena kuti zikoma. Kunama kwake kunali kwa chikondi. Chichewa ankachithyola, koma osachita manyazi, mawu aliwonse atsopano ankawalemba m'kabuku.

Vuto lawo linali limodzi. Anabwera ndi kangolo kokankhira mwana, ndiye mchenga wa kwathu ndi kangolo wapi ndi wapi? Mayi ankachita kukanyamula kangoloko ndi mwana yemwe, thukuta kamukamu. Ine zinandimvetsa chisoni, ndinati, "Amayi, bwanji ndikuphunzitseni kubereka mwana kumbuyo, manja azigwira zina?" Anakondwa, nalemba m'kabuku: kubereka.

Tsiku lake linali lomwe apongozi anga amabwera pa sitima kudzaona mdzukulu koyamba. Apongozi amenewa sanandifunepo ine. Ankauza mwana wawo kuti wakwatira mtsikana wopupuluma, woti angaiwale ndi mutu womwe pachitsime. Ndiye ndinakonzeka kuti aone okha: pakhomo ndasesa, Zuze ndamusambitsa, ndamudzoza mpaka kunyezimira. Bambo a Zuze anali kumunda wa thonje, wokawalandira ndinali ine. Koma sitima yathu ija inafikapo nthawi yake liti? Ndinati nthawi ilipo, ndidutse kaye ku mishoni.

Timoti anali asanalawepo msana, ankangoterereka ngati mlamba. Ndinati, "Amayi, yambani ndi wangayu, anazolowera, amadzigwirira yekha. Wanuyo ndibereke ine, muziona mmene ndikumangira." Tinasinthana. Timoti ndinamufunditsa kansalu kumutu, chifukwa khungu lake dzuwa silimvana nalo. Tinayeseza kuwerama, kusesa, kusenza ndowa, mfundo ikamasuka kuyambiranso. Ana onse awiri anagona. Ife nkhani zinakoma, mayi akundifunsa maina a ndiwo, ine ndikuwaseka.

Mwadzidzidzi, pyooo! Sitima! Tsiku limenelo lokha, m'moyo wake wonse, inafika msanga.

Ndinaliyatsa liwiro. Msana ukulemera bwinobwino monga mwa masiku onse, ndiye ndikanakayika chiyani? Msana uli ndi maso? Kumbuyo ndinamva amayi busa akukuwa, "Mwana! Mwana!" Ine osacheuka n'komwe, "Ali bwino, wagona!" Mumtima ndikuti azungu mantha, mwana angagwe pamsana pa ine?

Panjira anthu ankangondiyang'ana m'chiuno. Ine ndinati eya, chitenje chatsopanochi chagwira ntchito. Mayi wina wogulitsa nsomba anafuula, "Mwanayo miyendo yatani?" Ine, "Ndamudzoza mafuta!" Pa siteshoni panali anyamata aja ofunsa makhadi a chipani, oti ngakhale nkhalamba sankaisiya. Atandiona anayang'anizana, napatuka okha, wina mpaka kuvula chipewa. Ndinadutsa ndikudzimva kuti ndine munthu tsopano. Kupusa kulibe belu, anzanga.

Apongozi ndinawapeza atakhala pamtolo wawo pansi pa mtengo, azimayi ena atawazungulira. Ndinagwada, moni wonse mwaulemu, kenaka ndinatembenuka kuwalozetsa msana.

"Amayi, mdzukulu wanu uyu. Anthu amati wangotengera bambo ake."

Anamasula. Anachotsa kansalu kaja.

Kutembenuka, ndinaona m'manja mwa apongozi muli kamwana koyera mbee, tsitsi ngati ndevu za chimanga, maso ngati a mphaka, kakuwasekerera.

"Iwe," anatero apongozi motsitsa mawu, "mwana wanga ndinamubala ndekha. Ndi wakuda ngati kunsi kwa mphika. Uyu watengera bambo ake ati?"

Apa m'pamene ndikanangotseka pakamwa. Koma mutu unali utazungulira, ndinangoti, "Ayi amayi, musadandaule, ameneyu ndi wa abusa. Ine ndangowaberekera."

Mayo ine! Inu mukudziwa kuti mawu amenewa ali ndi mitu iwiri. Azimayi aja anagwira pakamwa. Bambo wina amene ankamanga thumba panjinga anasiya chingwe, kubwera pafupi kuti amve bwino.

"Wawaberekera abusa?"

"Eee, koma lero lokha."

"Lero lokha!"

"Akazi awo ndi amene sakudziwa kubereka, ndiye ndimawathandiza."

Ndikamakonza ndiye ndikuonongeratu. Apongozi anayamba kuyankhula Chisena chothamanga, kuitana mizimu ya kwawo mmodzimmodzi. Timoti naye anayamba kulira, kukoka bulauzi yanga kufuna bere, anthu n'kumati, "Mwaona? Akumudziwa mayi wake!" Ine ndinaona banja langa likutha ndili chogwada pa siteshoni.

Kenaka gulu linang'ambika pakati. Amayi busa! Wapansi mtunda wonse uja, nsapato imodzi ili m'manja, nkhope yofiira ngati phwetekere, koma Zuze ali pamsana, mfundo ili nganganga pachifuwa monga ndinawaphunzitsira. Sanandikalipire, sanathamangire n'komwe kulanda mwana wawo. Anagwada pafumbi pamaso pa apongozi, naomba m'manja, chifukwa anali ataphunzira kuti wamkulu amayamba kupatsidwa moni.

Ndinapuma. Ndinati mpulumutsi wafika.

"Pepani, amayi," anatero ndi Chichewa chawo cha m'kabuku. "Palibe cholakwa. Iye wabereka mwana wa mwamuna wanga, ine ndabereka mwana wa mwamuna wake. Tinagwirizana."

Siteshoni yonse inaphulika. Bambo wa njinga uja anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Amayi busa anangoti maso mwaa, akundifunsa chapansipansi, "Ndalakwitsa mawu ati?" Nditawanong'oneza tanthauzo linalo, anafiira kuposa poyamba, kenaka anayamba kuseka iwo eni, kuseka mpaka Zuze anadzuka.

Amayi busa anatembenuka, apongozi n'kumasula Zuze. Anamuyang'ana makutu, anamuyang'ana zala za kumiyendo, anamutembenuza ngati akugula dzungu. Zuze anayetsemula. Ndinaona milomo ya apongozi ikunjenjemera, akulimbana ndi phwete, mpaka linawagonjetsa.

"Uyu yekha ndi wathu. Makutu awa ndi a malemu amuna anga." Anayang'ana amayi busa. Anawathokoza m'Chisena: "Takhuta, mayi. Mfundo imeneyi anakuphunzitsani ndani?"

Amayi busa anandiloza ine. "Mphunzitsi wanga ndi ameneyu. Ndathamanga njira yonse, mwana sanagwedezeke."

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Kumanga umatha," anatero. "Chatsala n'kuona amene ukumangayo. Wachiwiri akamadzabadwa undiitane, ndidzakhale pakhomo pomwepo, ndidzamulandire ndekha asanadutse ku mishoni."

Tinabwerera limodzi, aliyense ndi wake, amayi busa atasenza mtolo wa apongozi pamutu ngakhale unkagwa pafupipafupi. Lamulungu lotsatira abusa anakwera pa gome, atangondiona pa benchi anayamba kutsokomola, nyimbo inachita kuyambitsidwa ndi mkulu wa mpingo.

Apongozi anakhala nafe mwezi wathunthu, ndipo nkhaniyi anaifotokozera aliyense wobwera pakhomo, ngakhale wodzapempha moto. Ine ndinalumbira. Mwana wa mnzanga ndikhoza kumunyamula, kumusambitsa, kumugoneka, zonsezo ndichita ndi mtima umodzi. Koma kuberekera abusa, kaya ndi achizungu kaya ndi akuda, ayi ndithu, ndinalekera pomwepo.