Jagi ya Mama Njoki

Anzanga, ine ndi Mngoni wa ku Ntcheu, ndiye za zakumwa musandiphunzitse. Ndinakula ndikuona chipanda cha masese chikuzungulira pabwalo, ndipo lamulo lake silinasinthe: akakupatsa umalandira ndi manja awiri, umamwa, umathokoza, sutaya ngakhale dontho. Ndiye pamene mayi a kunyumba, amake Tadala, anandiuza kuti Loweruka masana tikalawa vinyo kwa abwana awo ku Spring Valley, ine ndinangoti zing'onozing'ono izo. Kulawa n'kovuta pati? Ngakhale mwana amalawa ndiwo amake akatembenuka.

Koma amake Tadala sanaseke nawo. Muyenera kudziwa kuti kuno ku Nairobi tinabwerera ntchito yawo, ku bungwe lina lalikulu, ine yanga ndi yongogwirizira, ndimathandiza pa kapulojekiti ka mpingo ku Kibera. Kontirakiti yawo inali ikutha mwezi womwewo, ndipo woti asayine kuti tikhale zaka zina ziwiri kapena timange katundu tizibwerera kwathu anali abwana omwewo, Mama Njoki. Ana ali pasukulu, Tadala mayeso ali pakhomo. Mukuona kuti sikunali kongolawa chabe eti?

Mama Njoki ameneyu vinyo ndiye matenda ake. Tchuthi chake chimathera m'minda ya mphesa, kukamveka chionetsero cha vinyo kulikonse iye ali kutsogolo ndi kabuku kake, mpaka anagula kamunda cha ku Naivasha, kudzala mphesa zake, kudikira zaka zinayi, n'kupeza mabotolo ongowerengeka amene amawasunga ngati ana.

Tili mumsewu, magalimoto atathinana pa Kangemi monga mwa masiku onse, amake Tadala anandipatsa malamulo.

"A Ngozo, zinthu zitatu. Musamalize tambula, mungolawa n'kulavulira mu kandowa. Musayambe nkhani za ku Ntcheu. Ndipo akatulutsa vinyo wawo wa ku Naivasha uja, muyamikire."

"Ndi wabwino?"

Anayang'ana minibasi, ija kuno amati matatu, imene inkafuna kutipanikiza, n'kuyankha osandiyang'ana. "Muyamikire basi."

Tinafika. Khonde lalikulu, tebulo lalitali la nsalu yoyera, anthu ngati khumi, aliyense patsogolo pake matambula a miyendo italiitali. Kumapeto kwa tebulo kunakhala bambo ake a Mama Njoki, mkulu wa imvi mutu wonse, amene kuno amati mzee, mphunzitsi wopuma, atavala jekete ndipo ndodo ili pakati pa miyendo. Pambali panga panali mzungu wina wa ku Falansa, naye ndi kabuku ndi cholembera.

Anatithirira woyamba. Abale, kavinyo kongonyowetsa pansi pa tambula. Kwathu ukathirira mlendo chonchi, mawa mudzi wonse udziwa kuti ndiwe waumbombo. Koma anzangawo anasangalala nako, kukazunguza m'tambula, kulowetsamo mphuno yonse, kutsinzina ngati akupemphera. Kenako kumwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, n'kutenga kandowa ka siliva n'kulavula. Mtima unandiwawa zedi. Chakumwa cha mwini, m'nyumba ya mwini, mwini wake akuona, iwe n'kulavula? Ndinayesetsa ndithu, musati sindinayese. Ndinachukucha, ndinanyamula kandowa, ndinaweramira, koma kummero kunakana manyazi amenewo, kunangomeza kokha.

Mama Njoki anaona tambula yanga ili gwa. "Bwana Ngozo, mwaukonda?" Ndinati kwambiri. Anandiwonjezera. Nanga wowonjezerayo ndikanamubwezera bwanji? Lamulo loyamba linafera pomwepo.

Pa vinyo wachiwiri anayamba kufunsa aliyense kuti akumva fungo lanji. Mfalansa uja anati akumva mwala wonyowa. Mayi wina wa mphete zala zonse anati akumva chikopa chakale. Ndinayang'ana nkhope zawo kuti mwina akucheza, ayi, anthu ali siriyasi, ena akulemba. Itafika nthawi yanga ndinalowetsa mphuno, ndipo kunena zoona ndinamva chinachake.

"Masuku," ndinatero. "Aja opsa kwambiri, ogwa okha mvula itangokata."

"Masuku n'chiyani?" anafunsa Mama Njoki.

Basi, anatsegula chitseko yekha. Ndinafotokoza masuku, ndinafotokoza mitengo yake, mapiri a kwathu, amayi ogulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu pa Lizulu. Mfalansa anandipempha kuti ndimulembere dzinalo m'kabuku kake. Anthu anawomba m'manja. Lamulo lachiwiri linatsatira loyamba, ndipo ine mutu unakula. Pa wachitatu ndinamva bwemba. Pa wachinayi ndinamva utsi wa chimanga chootcha ndi kafungo ka thumba la mbatata za ku Tsangano. Amake Tadala anali akundiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kumasuntha mwendo, ndimvekere mumtima, mayiwa akuchita nsanje kuti mwamuna wawo watchuka.

Kenako Mama Njoki anati tidye kaye tisanalawe womaliza, n'kupempha amake Tadala kuti akamuthandize kunyamula mbale kukhitchini. Asanapite, mayi a kunyumba anandinong'oneza, "Ingokhalani pomwepo. Musakhudze chilichonse." Ndinavomera ndi mtima woona.

Mbale zoyamba zinali zitafika kale patebulo: nyama ya mbuzi yootcha, imene kuno amati nyama choma, masamusa, tchizi, buledi. Foloko panalibe. Ndinaona anthu akukonzeka kudya ndi manja, manja omwewo amene agwirana chanza, agwira makiyi, agwira mafoni. Ndinaponya maso uku ndi uku, ndipo pakona, pa katebulo ka pafupi ndi chitseko, ndinaziona. Jagi yadothi, yovundikira ndi kansalu koyera, pambali pake kandowa koyera kopanda kanthu.

Tsopano anzanga, weruzani nokha. Jagi, kandowa, kansalu kopukutira, pafupi ndi chitseko, chakudya chili patebulo. Inu mukanati n'chiyani? Ine kwathu ndine chitsiriza m'banja la amuna okhaokha, ntchito yosambitsa alendo m'manja inali yanga kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi mpaka tsiku limene ndinakwatira. Manja anga akaona jagi amanyamuka okha. Komanso vinyo uja anandinong'oneza kuti, Ngozo, mwayi ndi umenewu, aonetse anthuwa ulemu wa ku Malawi, Mama Njoki adziwe kuti amake Tadala amachokera pakhomo la mwambo, cholembera chidzayenda chokha pa kontirakiti paja.

Ndinakoleka kansalu pamkono, jagi kumanja, kandowa kumanzere, n'kuyambira kwa wamkulu monga mwa dongosolo. Ndinapinda bondo pamaso pa mzee. Nkhope yake inawala, anakwinya manja a jekete mwachangu n'kutambasula zikhatho.

"Asante, kijana," anatero, kundithokoza ngati kamnyamata chonsecho ndevu zanga zayamba kuyera. "Zimenezi ana a masiku ano anaiwala. Koma madziwa azizira."

"Pole, mzee," ndinapepesa, n'kumadandaula mumtima kuti nyumba yonseyi alephera kufunditsa madzi a alendo.

Ndinathira mwaulemu, pang'onopang'ono, osamana. Ndinapita kwa mayi wa mphete, naye anasamba mpaka m'zigongono pang'ono. Bambo wina wa taye anasamba. Mfalansa anali asanaonepo zotere, anati mwambo wokongola bwanji, anasamba, n'kupempha mnzake kuti atijambule. Kenako, pofuna kubweza ulemu, anandilanda jagi n'kundithirira otsalawo mpaka dontho lomaliza, n'kundibwezera jagiyo. Mufunsa kuti fungo sindinalimve? Abale, nditameza matambula onse aja, ngakhale nsapato zanga zinkanunkhira vinyo.

Ndikupukuta m'manja, ndinaona Mfalansa akukweza zikhatho zake kumphuno, chizolowezi chake chija, n'kutsinzina. Anatsegula maso. Ananunkhizanso. Anandiyang'ana ngati munthu amene waona galimoto ikubwerera m'mbuyo yopanda dalaivala.

Nthawi yomweyo Mama Njoki anatulukira ndi mbale yaikulu, amake Tadala ali pambuyo.

"Tsopano chinsinsi cha lero," anatero akumwetulira. "Botolo langa lomaliza la vinyo woyera wa ku Naivasha. Ndalithira mu jagi kuti wina asaone dzina kapena mtundu, aliyense anene zoona zake." Anatembenukira ku katebulo kaja. Panalibe kanthu. Maso ake anayenda pang'onopang'ono mpaka anandipeza, nditaima pakati pa khonde, jagi ili m'manja chozondoka, kansalu kali pamkono ngati wa muhotela.

Vinyo yense amene anali m'mutu mwanga anatuluka nthawi imodzi. Sindinaope Mama Njoki, ndinaopa nkhope ya amake Tadala. Sanakwiye, akanakwiya zikanakhala bwino. Anangoima ndi mbale ya masamusa, maso ali pa ine, ndipo ndinaona m'maso mwawo makatoni, matikiti a ndege, Tadala akutsanzika anzake pakati pa temu. Zaka zonse mayi ameneyu wadzuka m'mamawa kuvutikira ntchitoyi, ine ndaisambitsa anthu m'manja mphindi zisanu. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mama, sunatayike ayi, wonse uli mu kandowamu. Tikhoza kuusefa."

Amake Tadala anatsinzina.

Amene anayamba kusuntha ndi mzee. Ananunkhiza chikhatho chake, n'kunyambita nsonga ya chala, nkhope n'kukwinyika ngati walumako ndimu.

"Njoki," anatero, "ameneyu si uja unandipatsa pa Khrisimasi, mano n'kundiyayamira masiku atatu?"

Mama Njoki anaika mbale patebulo. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ine n'kuti basi, mayi akulira, tapita. Koma chimene chinatuluka ndi chikhakhali, chachikulu, chochokera m'mimba, mpaka anagwira mpando kuti asagwe.

"Mabotolo asanu ndamwetsa anthu a kuofesi," anatero akupukuta misozi. "Wina akuti akumva maluwa, wina akuti uchi, wina akufuna kugula katoni. Chonsecho ine mwini wake sindimaliza tambula. Ndiye lero ndinati ndiubise mu jagi, mwina wina alimba mtima. Bwana Ngozo, inu ndinu woyamba kuupezera ntchito yake vinyo ameneyu."

Khonde lonse linaphulika. Bambo wa taye uja, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndiye ankafuna katoni, anaseka mochedwa pang'ono kuposa anzake. Mama Njoki anatembenukira kwa amake Tadala.

"Inu paja munati chiyani tsiku limene munaulawa?"

"Ndinati uli ndi tsogolo," anayankha motsitsa mawu.

"Eya, ndakumbuka. Muofesi monse inu nokha ndi amene simunandinamize." Kenako anatambasulira zikhatho zake kwa ine. "Nanga ine mwini nyumba simundisambitsa? Koma pitani kumpopi, chonde."

Ndinapita kumpopi, ndinafunditsa madzi, ndinanunkhiza kawiri, ndinasambitsa khonde lonse kachiwiri kuyambira kwa mzee. Nyama ija ndinadya pang'ono, njala inali itathawa.

Pobwerera anayendetsa ndi amake Tadala, dzuwa likadalipo. Kuchokera pageti maso awo anali pamsewu basi, ine manja pamiyendo ngati mwana wopita naye kwa ahedi. Titaima pa Kangemi, pakati pa mahutala ndi makondakitala akukuwa, anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kunena chapansipansi.

"Kuusefa, a Ngozo? Kuusefa?"

Anaseka mpaka kugoneka mutu pachiwongolero, amatatu kumbuyo akuimba mahutala, ine osadziwa ngati ndaloledwa kuseka nawo kapena ayi.

Lolemba madzulo amake Tadala anabwera ndi envulopu. Zaka ziwiri, siginecha ili pomwepo. Ndinakhala pansi kaye ndi chimwemwe. Koma mkatimo munalinso kakalata ka pamanja, koitanira banja lonse ku Naivasha nthawi yokolola mphesa. Pansi pake Mama Njoki analembapo kuti: "Musawasiye a Ngozo. Okolola adzakhala ambiri, ndipo chaka chino vinyo alipo wokwanira manja onse."

Kuofesi kwawo ndikumva kuti ukangofika ndi jagi pamsonkhano anthu amabisa manja pansi pa tebulo. Chithunzi cha Mfalansa chija chinazungulira mpaka kukafika pagulu la Amalawi a kuno, moti kutchalitchi anzanga a Phiri akandiona amayamba kukwinya manja a malaya.

Ku Naivasha ndipita, sindingakane abwana a mkazi wanga. Koma ndalumbira pamaso pa amake Tadala ndi ana: kunyumba ya eni, manja anga azikhala m'thumba. Ndikaona jagi, ngakhale itakhala pafupi ndi sopo, ndiziyamba ndalowetsamo mphuno n'kutsinzina ngati Mfalansa. Ndikamva masuku, aliyense adye ndi litsiro lake.