Kuthokoza Kochokera M'balani Nambala 3

Balani Nambala 3,
Pulazi yakale ya fodya,
Msewu wa ku Centenary.
Januwale, mvula ili mkati.

Kwa Olemekezeka Nduna Yoona Zoti Aliyense Agone Pansi pa Denga,

Wawa bwana,

Ndagwada, ndaomba m'manja, chipewa ndavula ngakhale pano pakudontha. Ndine Elifasi Chimbalanga, munthu wa maricho, kapena kuti ganyu, ndipo ndalemba kuti ndithokoze. Chiyambire Lachitatu, pamene wailesi inalengeza kuti ndondomeko yanu ya Denga kwa Aliyense yatheka ndipo m'wadi mwathu muno simunatsale munthu wopanda pokhala, mutu wanga ukuzungulira ndi chimwemwe. Mkazi wanga Everjoy anaimba nthungululu mpaka mileme inathawa kudenga. Mayi anga, a Ruth, akanavina, koma miyendo inawakana kalekale, ndiye anangogwedeza ndodo. Ife sitimadziwa kuti tili ndi nyumba. Mukanapanda kutiuza, bwenzi tikudandaulabe mpaka lero.

Zothokoza ndazindandalika kuti musatope.

1. Zikomo chifukwa cha nyumba yosanja. Chaka chatha a Clever, amene analandira chigawo chino pulazi itagawidwa, anaona kuti komboni yathu yakhala pa nthaka yabwino. Anasasula madenga, thalakitala inamaliza zotsalazo, ndipo pamene ndinabadwira ine pali fodya wofika m'chiuno. Mwa chifundo chawo anatilola kulowa m'balani moumitsira fodya. Bwana, kutalika kwake! Mitanda yopachikapo fodya isanu ndi iwiri kukwera m'mwamba, zenera ayi, ndiye akuba sationa, ifenso sitiona mavuto a dziko. Tilimo mabanja atatu, zipinda tinadula ndi masaka. Wina akakangana ndi mkazi wake, tonse timaweruza nawo mlandu.

2. Zikomo chifukwa cha mayi wa kaundula amene munatitumizira. Anabwera mu Okutobala pa galimoto yoyera, ulemu wake wosaneneka. Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumafunsa aliyense funso limodzi: kumusha kwanu n'kuti? Apa ndiye anatikanda poyabwa. Ife ana a m'mapulazi tinakula tikunyozedwa kuti ndife opanda kwathu, choncho makolo anatikhomerera kuti munthu akakufunsa kwanu usaweramitse mutu, tchula mudzi, mfumu ndi boma, mokweza. Timatero pamaliro, timatero pofunsira mbeta. Ine ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kunena kuti mudzi wa Kamtedza, boma la Dedza, dziko la Malawi. A Simao, a kuseri kwa saka lathu, anatchula mudzi wawo wa ku Tete mpaka misozi. Mayi anga anawonjezera ndi dzina la mtsinje, mopanda kufunsidwa. Mayi wa kaundulayo ankangomwetulira n'kumachonga, ife n'kumati lero boma latidziwa. Sanatiuze kuti akuchonga m'bokosi la anthu amene ali ndi kwawo kobwerera.

Kunena zoona, bwana, ku Kamtedza sindinapondeko. Mayi anganso sanapondeko. Amene anachokako ndi agogo anga aamuna, wapansi, kudumpha malire kudza kuno, azungu akulamulabe, ndipo ali chigonere kuseri kwa damu la pulazi ino. Amati mlendo ndi mame, koma mame athu atha mibadwo itatu osakamuka, ndipo chitupa changa chimanditchabe mlendo. Komabe ndine yani kuti nditsutse kaundula wa boma? Ngati pepala likuti ndili ndi nyumba ku Dedza, ndiye kuti ilipo, mwina ya malata, mwina ya khonde lomwe. Ndayamba kale kuyenda monyada.

3. Zikomo chifukwa cha Liberty, mnzathu wa ganyu. Mwa anthu makumi anayi a papulazi pano, ndi iye yekha anapezeka wopanda pokhala. Tsiku la kaundulalo anali atalawa kachasu, dzina la mudzi wa agogo ake linamuthawa, ndiye anangoloza pansi n'kuti kwawo ndi pompano. Tonse tinagwa nkhope, a Simao mpaka anamupepesera. Patatha mwezi galimoto yoyera ija inabweranso. Liberty anapatsidwa bulangete, anajambulidwa atagwirana chanza ndi munthu wa tayi, ndipo analonjezedwa puloti. Atatopa kudikira anakwera kombi, minibasi ya kuno, kukasaka ntchito ku tauni ya Norton. Basitu, chiwerengero chinachoka pa mmodzi kufika pa ziro. Amene amati boma silithamanga abwere adzaone kuno.

4. Zikomo chifukwa cha mpando. Nditazindikira kuti kunyada kwatipweteka, ndinapita ku ofesi kukakonza, ndipo anandikhazika pa mpando wa khushoni. Anandiuza kuti kaundula anatsekedwa, kuti atsegulenso pafunika kalata ya sabhuku, mkulu wa mudzi. Ndinati papulazi palibe sabhuku. Anati ndiye ndikatenge ya ku Dedza. Ndinati ndilibe pasipoti. Anati pasipoti imafuna chitupa cha nzika, ndipo chitupa chotero chimafuna kalata ya sabhuku. Ndinatuluka ndikuseka ndekha mumsewu, anthu n'kumandipatukira, poona mmene mitu yophunzira imazungulira bwino.

Tsono kankhani kakang'ono, bwana, kosayenera kukuziziritsirani tiyi. Fodya wa a Clever wakhwima. Athyola Loweruka, Lolemba akoleza ng'anjo, ndipo atiuza mwaulemu kuti balani ibwerere kwa mwini wake. Sindikuwada, fodya sadikira. Ine ndi Everjoy tikhoza kukhoma pulasitiki m'mbali mwa msewu, sitingafe. Koma mayi anga ali ndi zaka 74, sayenda, ndipo chifuwa chawo chimalira mvula ikangoyamba. Anasankha fodya wa pulazi ino zaka makumi anayi mpaka zala zinapindika. Dzulo anandifunsa kuti Lolemba ndikawaika pati, ine n'kuyamba kuwafotokozera za pa wailesi. Anandiyang'ana mpaka ndinasiya. Ndili ndi mantha, bwana, ndipo pamenepa kuseka kwandithera.

Pempho langa ndi lochepa. Nyumba sindikupempha, ndamva kuti ndili nayo kale. Ndikupempha kuti lisanafike Lolemba mulamule akalaliki anu atifufute m'kaundula wa anthu, atilembe m'kaundula wa fodya. Sitikufuna giredi yapamwamba, ngakhale ya masamba apansi othothoka aja itikwanira. Ndaona ndi maso anga mmene fodya amakhalira m'dziko muno. Mvula simukhudza, moto amamukolezera osauzimitsa, mlonda amamuyang'anira, akafuna kuyenda lole imabwera pakhomo. Ndipo chibadwire sindinamvepo munthu akufunsa fodya kuti mbewu yake inachokera kuti.

Mukavomera, chonde muyambe ndi mayi anga. Anauma kale, sakutherani nkhuni zambiri.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zikang'a,

Elifasi Chimbalanga,
wa m'balani mpaka Lolemba.