Thadzi la Abiti Saidi ndi Kompyuta ya Mitala

Lolemba

Mbuzi yapita. Ndiyambe ndi pamenepo, poti dzanja langa la sukulu ya kwacha limayenda ngati nkhono, ndingaiwale. Inali yomaliza m'khola. M'malo mwake mkamwini wanga aJafali abwera ndi kachitsulo kolemera, ati ndi hadi disiki, ndipo muli mafilimu oti n'kuonera mpaka kukolola!

Nzeru yake nayi. AJafali, amene amakonza mawailesi pa Balaka pano, ali ndi kompyuta yakale imene ofesi ina inataya. Tiikamo mitu iwiri, ndiye kuti nzeru ziwiri zoiyendetsa: wa mazenera, wolembera anthu makalata masana, ndi wina wa chithunzi cha mbalame yoima ngati munthu, woonetsa mafilimu madzulo. Polowa kudzaonera, malipiro ndi kapu ya gaga. Magetsi tikoka ku golosale ya aneba. Loweruka tikutsegula, Insha Allah, ndipo m'nyumba muno mudzalowanso chakudya!

Akazi anga Abiti Saidi asiya kundiyankhula. Akungoyankhula ndi thadzi lawo, nkhuku yokhayo imene yatsala.

Lachiwiri

Sikuyaka. Iyayi, ndisaname: ikuyaka, ikulemba timawu toyera, kenako zii.

AJafali ati mkatimo muli kanthu kotchedwa bayosi, kamene kamadzuka koyamba n'kuona zonse zili m'nyumba asanalowe aliyense. Koma n'kakalekale, kanabadwa madisiki akali aang'ono. Kakaona yaikuluyi kakungoti kakasi.

Ndamvetsa msanga, chifukwa inenso ndinalondapo pageti. Ameneyu ndi mdala mnzanga. Anazolowera kuyeza ndi chitini, lero mwamubweretsera nkhokwe. Ndawapatsa moni aBayosiwo, sanayankhe.

Mwana wanga Asiyatu, mkazi wa aJafali, wapita kukagona pamzere wogula chimanga.

Lachitatu

Zatheka! Zatheka ndithu!

AJafali apalasa njinga mpaka ku Liwonde, abwera ndi kapulasitiki kakuda, kochepa ngati njere ya chimanga. Kamodzi kokha, kobwereka kwa mnzawo. Akakasomeka kumbuyo kwa disiki, disikiyo imadzichepetsa, aBayosi n'kumaona ngodya yokha, mtima wawo n'kukhala pansi. Mitu iwiri ija imange makomo pangodya pomwepo. Ikalowa, nkhokwe yonse idzionera yokha.

Ndaona ndi maso angawa: mizere iwiri pagalasi, usankhe kumene ukulowa lero. Abiti Saidi kuuza thadzi: "Wamva iwe? Mitala chaka cha njala. Mkazi mmodzi yemweyu akuwakanika."

Chakumadzulo wa mazenera watsekera mnzake kunja, mzere watsala umodzi. Nsanje! AJafali ati mawa ayambiranso.

Lachinayi

AJafali amasula zonse pakhonde kuti aone bwino poyera. Alowa m'nyumba kukatenga sikuludiraiva, potuluka kapulasitiki kulibe.

Tafuna:
pamphasa ndi pansi pa mphasa,
m'matumba a aJafali,
m'chipewa changa,
m'ndevu zanga.
Dothi la pakhonde tapeta ndi lichero. Palibe!

Abiti Saidi akhala kuseri kwa nkhokwe, atafunda chitenje kumutu monga amachitira mkamwini akayandikira. Apongozi ndi mkamwini sayang'anana, sayankhulana, ndiwo ulemu wathu. Ndangowamva akufunsa thadzi: "Lero wakhuta, eti?" Za akazi ndi nkhuku zawo ine sindilowerera.

Sindikutaya mtima. Kanthu kopanda miyendo kangapite kuti?

Lachisanu

Potuluka mumzikiti ndauza aliyense kuti mawa kuli filimu. Ena andigwira chanza ndi manja awiri!

Asiyatu wabwera, thumba lili pepuu. Chimanga chathera apatsogolo. Mayi ake amunong'oneza, iye wanong'oneza mwamuna wake, mwamuna wake wabwera kwa ine atagwira kumutu. Thadzi linameza kapulasitiki dzulo m'mawa, Abiti Saidi akuona!

Ndatuma Asiyatu akafunse mayi akewo kuti sananene bwanji, ife tikukwawa tsiku lonse. Yankho: "Ndikanauza ndani? Uyu ndi mkamwini, uyo ndi wogulitsa mbuzi."

Tavundikira thadzi ndi dengu. Ine pambali ndi kamtengo, kufukula chitosi chilichonse. Imvi zonsezi! Komabe cholowa chimatuluka.

Loweruka

Sichinatuluke. Nkhuku yanjala sitaya kanthu.

Anthu ayamba kufika ndi makapu awo, ena kuchokera kwa Nsamala, oyenda wapansi. Asiyatu wagwada kupepesa mayi ake kuti tiphe thadzi, iwo angoloza dengu ndi mlomo. Bisimila, ndalichinja, mpeni pakhosi. M'nthutumba tapeza kapulasitiki kaja, kataperedwa ngati nsinjiro.

AJafali: "Musadandaule bambo, kawaya ka wailesi kagwira ntchito yomweyo." Apinda, asomeka, ayatsa, ayanjanitsanso mitu ija. Mizere iwiri! Asankha wa mbalame, nyimbo yayamba, munthu wa pahatchi watulukira pagalasi! Amayi nthungululu! Ine ndaimirira osadziwa, ndodo yagwa!

Kenako kawaya kaja kasuntha, kakhudza pena. Phu! Utsi, fungo ngati la tayala. Ku golosale nakonso magetsi athima, aneba abwera okha kudzazula waya wawo, osapereka n'moni womwe.

Anthu anyamula makapu. Mayi wina pachipata: "Filimu ya utsi timaonera ulere kukhitchini kwathu."

Lamulungu

Disiki yapsa. ABayosi nawo apita, Mulungu awachitire chifundo, analibe mlandu. AJafali alawirira ku Liwonde kukafotokoza kwa mwini kapulasitiki, ndipo sindikudziwa kuti akayambira pati. Mawa ine ndi khasu, kukafuna ganyu wopalira m'minda ya ogwira ntchito m'boma. Msana udzanena wokha.

Nkhuku taidya lero, yopanda mafuta, ndi masamba a maungu. Nthutumba ndi ya mwini khomo, mwambo sunasinthe chifukwa cha njala. Abiti Saidi abweretsa okha m'kambale, agwada bwinobwino, aika patsogolo panga. Ndiye andiyang'ana ine, osati dengu, osati Asiyatu.

"Idyani filimu yanu."

Ndadya. Inali yolimba, mano anga ndi ochepa, ndatafuna pang'onopang'ono.