Buku Lodulidwa ndi Lumo

A Zikhalo a pa Linthipe sankagulitsa buku lomwe iwo sanaliwerenge. Ngakhale uwagwadire, buku likakhala lachilendo ankalikhalira pa mphasa yawo mumsikamo. Mphunzitsi wina wa ku Mphunzi anadikira buku la masamu mpaka ana ake anachoka sukulu.

"Kodi mayi wa mandasi amagulitsa asanalawe?" ankatero, magalasi ali pamphuno.

Amene anavutika nawo koposa anali Elena, wotaipa makalata ku mishoni ya Kasina. Zipani zitangochuluka, kumishoniko kunafika kompyuta, ndipo mtsikanayo anamva kuti kampani ina ku Lilongwe idzalembetsa mayeso a anthu odziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kutaipa kunali kutamukwana. Koma buku lophunzirira akalipeza kuti? Anazungulira masitolo a mumzinda mpaka nsapato kutha. Mabuku a ulimi wa fodya analipo, a nyimbo mbwee, ngakhale a kaphikidwe ka keke. La mapulogalamu, osaoneka n'komwe!

A Zikhalo ndiwo analipeza, pansi pa belo la kaunjika, lonenepa ngati njerwa.

"Ndipatseni, bambo!"

"Ukuthamangira kuti, mwanawe? Ndiliwerenge kaye."

Patapita masiku Elena anabweranso. "Mukumvamo kanthu koma?"

"Ngakhale pang'ono! Koma mpaka pano ndi buku laulemu, mulibe zotukwana."

Elena anagwetsa misozi pomwepo, poti mayeso anali pafupi. A Zikhalo anakanda dazi, kenako anatulutsa lumo. Kuyambira apo, tsiku la msika lililonse ankamaliza mutu umodzi, n'kuudula bwinobwino, n'kumupatsira. Ankawerenga mokweza, osasiya ngakhale kadontho, moti amayi ogulitsa kabichi ankayankha "Amen" poganiza kuti ndi Chilatini.

Kenako chisanu cha Dedza chinawalowa a Zikhalo m'chifuwa, buku lili pakati. Elena anafika pamsika n'kupeza pamalo pawo pali mbee. Ali chiimire, anatulukira akazi awo atafumbata kanthu m'chitenje. Linali theka lotsala lija, losadula.

"Akuti maso akukana," anatero mayiwo. "Akuti ukawerenge wekha, udzawauze mmene likuthera."

Elena anakhoza mayeso. Anatsika basi pa Linthipe akuthamanga kuti akawauze a Zikhalo, koma anapeza atawaika m'manda dzana lake.

Lero mabuku akugulitsidwabe pamsikapo, mwachangu zedi, ndi anthu osadziwa zomwe zili m'katimo. Amayi a kabichi amati msika unazizira, poti palibenso wowawerengera zinthu zosamveka. Elena akamadutsa pa basi amayang'ana kumbali ya malori a chimanga, chifukwa akayang'ana pamene pankakhala mphasa paja amalira.